Mbale ya Dorinel

Chaka chilichonse, Loweruka lokumbukira akufa, amayi ankaphika koliva, tirigu wophika ndi mtedza wogawira anthu m'dzina la wakufa, wa Dorinel, mlongo wanga amene sindinamuonepo. Ndinakula ndikupeta tirigu wake ndi kuswa mtedza wake. Anadwala chifuwa ali khanda, bambo n'kupita naye pa ngolo kuchipatala ku Vaslui, n'kubwerako okha. Anati mwana wamwalira, ndipo achipatala amuika okha poopa matendawo. Manda ake kunalibe, choncho bambo atamwalira, amayi ankagawira mbale ya Dorinel pa manda a bambowo.

Ndiye tsiku lina ndikuchapa matewera a mwana wanga Ilinca, foni inalira. Anali mwamuna, Chiromaniya chake chothyokathyoka. Anati dzina lake ndi Ettore, wa ku Italy, ndipo ofesi ya ku Bucharest yosunga mbiri za ana amene anatengedwa kukaleredwa kunja yamupatsa fayilo yake. M'menemo munali dzina la mudzi wathu, dzina la amayi, ndi pamene bambo anasaina kuti mwana atengedwe.

Ine sukulu ndinailekeza panjira, koma sindipusitsidwa. Ndinati, "Nditumizireni chithunzi. Osati cha nkhope, cha makutu."

Anatumiza. Makutu a bambo enieni, otambasuka ngati zogwirira mphika.

Amayi ndinawapeza akudyetsa nkhuku.

"Amayi, Dorinel ali moyo. Akufuna kubwera."

Sanatembenuke. "Mwana wako wadya?"

"Mwamva zimene ndanenazi?"

"Ndamva, Sanda. Iwe ndi foni yakoyo mudzakwatirana." Anakutumula mbale ya gaga. "Bambo ako ankamwa, ankandimenya, koma za maliro sakanandinamiza. Mwana akanakhala moyo, ine ndikanakhala pano n'kumaphika tirigu? Ndikanayenda wapansi mpaka ku Vaslui."

Ndinaganiza kuti akadzamuona ndi maso, zidzatha zokha. Ettore ndinamuuza kuti abwere Loweruka lokumbukira akufa lomwelo, poti chakudya chidzakhala chilipo kale, nyumba yosesa, osaphika kawiri. Nzeru zanga zimenezo.

Basi inachedwa, choncho anatipeza tili kale kumanda. Mudzi wonse unali komweko ndi madengu, makandulo akuyaka, wansembe akuyenda ndi lubani manda ndi manda. Ettore anaima pachipata, maluwa m'manja, jekete labwino. Azakhali a Aglaia, oyandikana nafe nyumba, anamuona n'kudzilemba mtanda, n'kufuulira amayi.

"Ambuye wanga! Profira, mwamuna wako wadzuka, ndipo wapeza nsapato zabwino!"

Ena anaseka. Amayi ayi.

Ndinapatsira azakhaliwo mwana, n'kupita kukagwira Ettore dzanja. Linali lozizira. Tinaima mbali ina ya manda a bambo, amayi mbali inayo.

"Amayi," iye anatero. Mawuwa anali atawaloweza, zinkachita kumveka. "Ndine. Ndine Dorinel. Sindinabwere kudzakuimbani mlandu."

Amayi anamuyang'ana nthawi yaitali. Makutu, kamwa, manja. Kenako anawerama n'kutulutsa m'dengu mbale yatsopano, ija anagula pamsika sabata yomweyo. Anaikamo koliva, buledi wopota ndi nyama ya nkhuku, n'kubayapo kandulo, n'kuyatsa. Anaipereka kwa Ettore modutsitsa pamwamba pa manda, monga timachitira kwa munthu wodutsa m'njira.

"Landirani, bambo. Ndi za mzimu wa mwana wanga Dorinel."

Ettore anandiyang'ana. Mawuwo anawamva, koma mwambowo ayi.

"Akundipatsa ine?" ananong'ona.

"Akupatsa mlendo," ndinatero. "Chimene mlendo wadya kuno chimakafika kwa wakufa."

"Koma ndili pano."

"Ndikudziwa, achimwene."

Amayi anagwirabe mbale ija, phula la kandulo likudonthera pa tirigu. Sakanaibweza mbaleyo. Ndimawadziwa, akanaima pomwepo mpaka kugwa.

"Achimwene, landirani. Munene kuti bogdaproste, mawu othokozera mbale ya wakufa. Mukapanda kunena, sizifika."

Anaika maluwa pansi. Analandira ndi manja awiri, n'kunena mawuwo mopotoka, moti tsiku lina anthu akanafa nako kuseka.

"Idyani," anatero amayi.

Anadya ataimirira, misozi ikugwera m'mbale. Amayi sanachotse maso pakamwa pake. Atatsala pang'ono kumaliza anamuwonjezera ntchafu ina ya nkhuku, chinthu chimene sanachitirepo mlendo aliyense. Kenako ananyamula dengu n'kumapita kwawo, osacheuka.

Anagona kwa ine masiku angapo. Ankanyamula Ilinca, ankadula nkhuni molakwika, mwamuna wanga n'kumamuseka. M'mawa uliwonse ankakaima pa mpanda wa amayi. Amayi ankamupatsa moni wa mlendo n'kulowa m'nyumba. Pobwerera ku Italy anakulunga mbale ija m'malaya ake, poti mbale yoteroyo imapita ndi woilandira.

Basi itanyamuka ndinapita kwa amayi nditakwiya, mawu ali pakhosi. Ndinawapeza atakhala pakhonde, manja pamiyendo.

"Wapita," ndinatero.

"Ndi wowonda," iwo anati. "Kwawoko samudyetsa?"

Masamba atayamba kuyoyoka, Loweruka la akufa linafikanso. Amayi ananditumira uthenga kuti ndipite ndi mtedza. Ndinapita nawo, n'kukhala pansi n'kuyamba kuswa.