Kadontho ka Pakona

Chibadwire, bambo woyang'anira madalaivala sankatha kusiyanitsa chofiira ndi chobiriwira. Kwa iye zonse ziwiri zinkaoneka ngati tiyi wozizira. Nkhaniyi anaibisa zaka makumi awiri pakampani yotumiza katundu ija, ndipo anaibisa mwaluso. Galimoto sankayendetsa, ati woyang'anira sagwira chiwongolero. Malipoti nawo ankabwera ndi manambala, ndipo pa manambala panalibe womuposa.

Kenako akuluakulu a kampani anapachika sikirini yaikulu m'chipinda cha misonkhano. Manambala anawachotsapo, ati amatopetsa maso a mabwana, poti mabwana sachedwa kutopa. Panatsala timabokosi tokhatokha, kamodzi pa mlungu uliwonse. Katundu akafika pa nthawi yake kabokosi kankabiriwira, akachedwa pang'ono kankakhala kachikasu, akachedweratu kankafiira. Dalaivala aliyense anali ndi mzere wake, ndipo mzere wapansi penipeni, wophatikiza onse, unali wa woyang'anirayo.

Mwayi wake unali woti wokonza malamulo a mitunduyo pakompyuta anali mkazi wake, kalaliki wa ofesi yomweyo. Mayiyo anawonjezera lamulo limodzi osauza munthu: kabokosi kakafiira, pakona pake pazituluka kadontho kakuda. Ena ankayesa fumbi, mpaka woyeretsa muofesi ankalimbana nako ndi kansalu.

"Mukaona kadontho, bambo, mukwinye nkhope," ankatero mkaziyo pomuwongolera kolala m'mawa. "Musakandichititse manyazi poombera m'manja chofiira."

Mayiyo anadwala milungu itatu basi, n'kumwalira.

Pampando wake panakhala mayi wina wa magalasi, waukhondo pantchito mpaka kunyanya. Tsiku lachiwiri lomwe anapeza lamulo losadziwika ntchito yake, n'kulifufuta. Woyang'anira atabwerera kuntchito sanapeze kadontho ngakhale kamodzi, ndipo mtima wake wosweka uja unatonthozeka. Anaganiza kuti madalaivala alimbikira pomumvera chisoni. Miyezi itatu yathunthu, Lolemba lililonse, ankaima kutsogolo n'kuthokoza aliyense pomutchula. Anthu ankangoweramitsa mitu, iye n'kumati ndi ulemu.

Lolemba lina msonkhano utatha, bwana wamkulu anamutengera pambali.

"Takhala tikukulezerani mtima chifukwa cha maliro aja," anatero motsitsa mawu, "koma makasitomala akutithawa, inu mukuthokoza. Kodi simukuona? Mwezi uno ukatha zili chonchi, tikambirana za mpando wanu."

Masana, anzake atapita kukadya, woyang'anirayo anapita kudesiki imene ankailambalala chichokereni mkazi wake. Kapu ya malemuyo inali ikadali pashelefu, tsopano ankasungiramo zolembera. Mayi wa magalasi anakweza mutu.

"Pepani mayi, ndakusokonezani. Timadontho tinkakhala pasikirini tija tinapita kuti?"

"Ndinatichotsa, bambo. Tinkangodetsa. Sindikudziwa kuti anatiikiranji."

"Anaikira ine."

Zaka zonsezi bamboyo ankaopa kuti mawuwa akadzatuluka adzamuseka, koma lero chinamuwawa n'chakuti munthu amene ankamusungira chinsinsicho kunalibenso.

"Ine chofiira sindichiona, mayi. Ankadziwa ndi mkazi wanga yekha."

Mayiyo sanaseke, sanapepesenso. Anakokera kiyibodi pafupi n'kutsegula mndandanda wa malamulo.

"Kankakhala pakona iti?"

"Yakumanja, m'mwamba. Ankati ndi pamene diso langa limayambira."

Mayiyo analemba lamulolo n'kudina batani. Timadontho tinayamba kutuluka mzere ndi mzere ngati nyerere zapeza shuga. Tinatuluka kwa dalaivala amene anamugwira chanza m'mawa womwewo. Tinatulukanso kwa wina amene anamutchula kuti ndi chitsanzo kwa anzake. Bamboyo anatsitsa maso pang'onopang'ono mpaka pamzere wapansi, wake uja. Timabokosi khumi ndi titatu, kuyambira mlungu umene anabwerera kuntchito, kalikonse kanali ndi kadontho pakona.

Ndiye kuti onse ankaona. Madalaivala, bwana, ngakhale woyeretsa uja, onse ankaona munthu wamkulu akuombera m'manja chofiira, n'kumusiya poganiza kuti chisoni chamuzunguza mutu. Anachita manyazi, ndipo anamusowa mkazi wake kuposa tsiku loika maliro.

Anayesa kukwinya nkhope monga momwe mkaziyo anamuphunzitsira. Nkhope inakana. Mayi wa magalasi anadzuka mwakachetechete kukatseka chitseko.