Chingwe cha Tchaja Pachifuwa Panga

Ndinalota ana anga akulimbirana magalasi a masewera aja, ovala kumaso, amene malume awo anabwera nawo kuchokera ku Joni. Magalasiwo anatha moto, ndipo sola yathu inali itasanduka lichero. Tadala, mwana wanga woyamba, anatenga chingwe cha tchaja n'kuchilowetsa pachifuwa panga. Ndinamva kuzizira, mkaka ukuyenda m'chingwemo.

“Amayi, musagwedezeke, sanadzadze,” anatero.

Wakhanda ankalira kumsana, mawere anga atafota. Tadala anavala magalasiwo, ndipo nditamuvula, anandiyang'ana ngati mlendo.

“Mukufuna ndani, mayi?”

Kaya zikutanthauza chiyani, koma mtima sunakhazikike mpaka pano. M'mawa uno Tadala atapempha tchaja, ndamuuza kuti andiyang'ane kaye, anene kuti ndine ndani. Iye waseka. Ine sindinaseke.