Ketulo ya Bambo Albert

Pa mjigo wina ku Budiriro, umene ana amautcha chibhorani, panali lamulo limodzi lokha. Analikhazikitsa ndi Bambo Cornélio, wapampando wa komiti ya madzi: chotungira chikakhala pamzere, ndiye kuti mwini wake alinso pamzere.

Loweruka lina m'mawa, Bambo Albert, amene anapuma pantchito ya njanji, anasiya kaketulo patsogolo pa mzere n'kubwerera kunyumba kukameta ndevu. Dzuwa litakwera anatulukira akukankha wilibala yodzaza zigubu.

"Malo anga ndi awa," anatero akuloza ketulo.

Mayi Eneles, amene anaima kumbuyo kwa ketuloyo mpaka miyendo kuwawa, anakana. Mkangano utakula anakoka mdzukulu wawo Ruvimbo, yemwe anali atangoyamba maphunziro a zamalamulo ku yunivesite.

"Tawauza bambowa zimene lamulo likunena."

"Agogo, sitinafike pamenepo," anayankha Ruvimbo. "Tikadali pa funso lakuti lamulo n'chiyani."

"Miyezi yonseyi?"

Anthu anamuumiriza, ndipo anafotokoza mwamanyazi. Anati akatswiri ena amanena kuti lamulo ndi chimene wolamula walamula, kaya n'chokoma kaya n'chowawa.

"Amenewo ndi anthu anzeru," anatero Bambo Albert. "Ine ndili kumeneko."

"Koma ena amati pali chilungamo chachibadwa, chimene aliyense amachimva mumtima. Lamulo losemphana nacho si lamulo ayi."

"Ine ndi amenewo," anatero Mayi Eneles. "Amapemphera mpingo uti?"

Bambo Cornélio, amene anakhala pa njerwa akuyasamula, anafunsa ngati panalinso gulu lina.

"Lilipo, bambo. Limati tisavutike ndi mabuku, lamulo ndi chimene woweruza achite akakhala pampando. Ena amafika ponena kuti chigamulo chimatengera zimene woweruzayo wadya m'mawa."

Kenako Bambo Cornélio ananena chapansipansi kuti iwo sanadye kanthu chidzukire.

Mayi Eneles anamasula mpango n'kutulutsa mbatata yowotcha. Bambo Albert anapisa m'matumba onse, koma anangopeza switi ya chifuwa yomatirira ku pepala. Wapampando analandira zonse ziwiri. Anayamba ndi mbatata, n'kumaliza ndi switi, mzere wonse ukuyang'ana kukamwa kwawo.

"Lamulo ndinalipanga ndine, sindingalikane," anatero atapukuta milomo. "Ketulo yasunga malo. Ketuloyo itunge. Zigubu zafika mochedwa, zipite kumbuyo."

Bambo Albert anafuna kuchita apilo, koma anauzidwa kuti woweruza wa apilo ndi Bambo Cornélio omwewo. Anadzaza ketulo yawo pang'onopang'ono, kuikhazika pamwamba pa zigubu zopanda madzi, n'kukankha wilibala mpaka kumapeto kwa mzere, mutu uli m'mwamba. Podutsa pa Ruvimbo anamunong'oneza kuti akawapezere gulu lachinayi.

Kuyambira tsiku limenelo milandu pa mjigo inachuluka. Wina ankadandaula za ndowa yodontha, wina za galu womwa madzi otayikira, ndipo aliyense ankabwera ndi kanthu m'manja: chitumbuwa, dzira lowiritsa, chimanga chowotcha. Akazi a Bambo Cornélio anasiya kuphika phala m'mawa, ndipo pofika nthawi ya dzinja anali atasuntha mabatani a malaya onse a amuna awo.