Lole ya Piyano Isanabwere

Chimuikireni m'manda mwamuna wake Frazer, Alinesi anali asanatulukepo pageti. Nyumba yawo ya ku Area 14 inali itadzaza abale akuchimuna ndi amayi akutchalitchi, ndipo onsewo ankamukonda mpaka kumutsamwitsa. Akati adzuke akamwe madzi, wina wafika kale ndi kapu. Akati akapume kuchipinda, awiri amulondola, ati namfedwa sakhala yekha, angaganize zambiri. Akuluakulu a mbali zonse anati kuntchito kwake ku City Centre adzabwerera akadzasudzulidwa. Tsiku lomusudzulalo palibe ankalitchula.

Pakona pabalaza panali piyano, itafunditsidwa chitenje ngati nayonso yaferedwa. Frazer ndiye anaigula kwa mzungu wina amene ankabwerera kwawo, choncho pamsonkhano wa katundu anaiika m'gulu la zinthu za malemu. Alinesi pamsonkhanopo anakhala pamphasa atazolika, monga ufunira mwambo. Womulankhulira anali amalume ake, munthu wabwino ndithu, koma kwa iwo piyano inali kabati yolira basi.

M'mawa wina Lemson, mkulu wake wa Frazer, ananjuta pafupi naye.

"Alamu, tagwirizana kuti chilimba chija chipite kutchalitchi kumudzi, anthu azimukumbukirapo m'bale wathu. Lole ibwera madzulo ano. Musadandaule, tinyamula bwinobwino."

"Chabwino, alamu," anayankha Alinesi. Mawu ena akanawatenga kuti?

Koma Frazer, mzimu wake uuse mumtendere, ngakhale kuomba m'manja kumene ankaphonya. Woimba piyanoyo anali Alinesi. Loweruka lililonse ankapita ku Area 4 kwa mayi Meena, amwenye amene amuna awo ali ndi golosale yaikulu ku Old Town, kukaphunzira. Chaka chonsecho anali pa kanyimbo kamodzi kopanda mawu, kakafupi, koyenda pang'onopang'ono. Dzanja lamanzere limangotsika pang'ono pang'ono, lamanja n'kumayankha motsitsa, ndipo apa ndi apo pali mipata pamene woimba amanyamula zala n'kudikira kuti kulira kwa piyano kuzilale kokha. Mipata imeneyi ndiyo inkamuvuta Alinesi. Ikafika, mtima unkamuthamanga, iye n'kulumphira kutsogolo.

"Alinesi, minibasi yake iti ukuithamangirayi?" ankatero mayi Meena, akumugwira pamkono. "Dikira. Nyimbo ili pomwe wasiyapo."

Iye ankangoseka. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma kudekhako munthu wa mu ofesi akupeze nthawi yanji?

Atadya chamasana, amuna anakakhala panja pansi pa mtengo wa mango, amayi n'kumasinza pamphasa. Alinesi anayang'ana chitenje chija nthawi yaitali. Anadziwa kuti lole ikangochoka, sadzapezanso piyano yake, ndipo kanyimbo kaja kadzapita asanakaimbepo bwino ngakhale kamodzi. Anakwawira kwa mayi Tamando, mtsogoleri wa amayiwo.

"Amayi, ndiloleni nditsanzikane nacho chilimbachi."

Mayi Tamando anayang'ana anzawo, kenako anagwedeza mutu. "Imbani, mwana wanga. Ifeyo tili pompano."

Alinesi anavundukula piyanoyo. Zala zinali zouma. Koma atangoyamba, anadabwa. Kuthamanga kuja kunalibe. Akanathamangira kuti munthu wosaloledwa ngakhale kufika pageti? Dzanja lamanzere linatsika mofatsa, lamanja linayankha ngati munthu wolankhula pafupi ndi wodwala. Pampata woyamba ananyamula zala, namvetsera kulira kukuchepa, kukuchepa, mpaka kunatsala kaphokoso ka firiji kukhitchini. Apo m'pamene anamva zimene mayi Meena ankanena. Chifikireni anthu m'nyumbamo, kanali koyamba kuti akhale ndi malo akeake, ndipo malowo anali aang'ono ngati mpata wa pakati pa mawu awiri a piyano. Anasangalala, inde, namfedwa anasangalala, ndipo sanachite nazo manyazi.

Anapitiriza. Pena ankakoka pang'ono, pena n'kulekerera, osawerenganso m'mutu. Kenako anafika pampata waukulu, umene umatsogolera mzere womaliza. Ananyamula manja onse awiri, natsinzina.

Mayi Tamando anaona manja ali m'mwamba, maso otsinzina, piyano ili zii. Anayenda m'maliro ambiri mayi amenewa, ndipo ankadziwa kuti woferedwa akayamba nyimbo n'kukanika pakati, simumusiya achite manyazi, mumamulandira. Anakonza kukhosi n'kuyambitsa nyimbo yachitonthozo. Amayi onse anadzuka n'kuvomera. Panja amuna anathira besi.

Tisanamizane, anaimba bwino. Anaimba ndi mtima wonse, ena misozi ili chuchuchu. Mayi wina anabwera kudzamugwira Alinesi m'mapewa.

"Limbani mtima, asisi. Mwayesetsa. Tikumalizirani ife."

Alinesi anapsa mtima mpaka makutu anatentha. Anafuna kukuwa kuti sanalephere, kuti akhale chete pang'ono chabe, watsala mzere umodzi. Koma ungawakalipire bwanji anthu amene asiya ana ndi mabizinesi awo kudzagona pasimenti chifukwa cha iwe? Anadikira kuti mwina akamaliza ndime yoyamba apuma. Sanapume. Mayi Tamando anali ataponya kale mawu a ndime yachiwiri.

Pageti panamveka hutala. Wina anathamanga kukatsegula, ndipo lole inalowa chafutambuyo mpaka pakhonde.

Alinesi anatsitsa manja. Anafufuza ndi chala chimodzi pa piyano mawu amene amayiwo ankaimbirapo, nawapeza, n'kuyamba kuwaperekeza mwamphamvu monga amaimbira kutchalitchi. Amayi anakondwa, nakweza mawu. Anawaimbira ndime zonse, anyamata a lole ataima pakhomo ndi zingwe m'manja, zipewa atavula.

Nyimbo itatha, Lemson analowa akupukuta m'maso ndi mpango.

"Alamu, mwatitonthoza. Poyamba paja timangomva ngati mukuyesa ngati chikulira, koma pamapetopa ndiye mwaimba." Anatembenukira kwa anyamata aja. "Nyamulani, mafana. Mosamala."

Alinesi anasuntha kampando kuti adutse, n'kubwerera pamphasa.