Chipewa cha Wokana

"Ndiye tagwirizana," anatero alamu aakulu, akubweza magalasi m'thumba. "Amayi asamukira kwathu, muno tiyikamo alendi. Kukhala okha pamsinkhu uwu n'kuputa ngozi."

Mtengwa wa m'banjamo, mkazi wa chitsirizira, anali pakhomo la khitchini ndi thireyi ya makapu. Apongozi ake aamuna anali atangoikidwa m'manda, mipando yobwereka isanabwezedwe n'komwe. Anaima n'kumaonerera mitu. Unayamba kugwedezeka wa azakhali, kenako wa alamu aakazi, omwe anali anamwino, kenako wa mwamuna wake. Komatu dzulo lomweli, akutsuka mbale, anamwinowo anati amayi akachoka muno sachedwa kutsatira bambo. Mwamuna wakenso analumbira kuchipinda kuti akana. Nanga mitu imeneyi ikuvomera yokha?

"Inu alamu, mukuti bwanji?" anamufunsa aakuluwo.

Anangomva khosi likuwerama. Ha! Lakenso!

Pothira tiyi anamunong'oneza mwamuna wake. "Paja munati mukana?"

"Ayambe wina. Ine ndine mwana."

"Mwana wa dazi?"

Amayi anali kumapeto kwa sofa, akusalaza nsalu pamaondo. "Zimene mwaona ana anga n'zomwezo," anatero. Koma maso awo anali pamsomali wa kuseri kwa chitseko, pamene panapachikidwa chipewa cha malemu, chothimbirira ndi oyilo wa kugalaja.

Mtengwa ankachidziwa chipewacho. Ali wachilendo m'banjamo, onse atagwirizana zogula galimoto yakutha, malemu anachivula n'kumuveka. "Wavala chipewa akane. Ngakhale ukugwirizana nazo, funa chokanira. Banja lopanda wokana ndi lole yopanda mabuleki." Iye anachita chibwibwi, anthu anaseka, koma atangokana, pakamwa pa onse panatseguka. Wovala chipewa sankakwiyiridwa. Ankati chalankhula n'chipewa.

Kodi chingagwirebe ntchito mwini wake kulibe? Anafuna aone. Anakachichotsa pamsomali n'kuchiika patebulo, pakati pa makapu.

"Mwatseka nkhani chipewa chisanavalidwe."

"Alamu," anatero aakuluwo, "masewera amenewo anapita ndi mwini wake."

Dzanja la anamwino linayamba kusendera kuchipewacho. La mwamuna wake, litaona linzake, linatsatira.

"Taonani, manja achuluka tsopano," anatero azakhali, nawonso akusunthira kutsogolo.

Koma amayi anawachangamukira onse. Anachivala pamwamba pa mpango, chinatsika mpaka m'makutu.

"Mundimve bwino, si ine, n'chipewa. Sindipita. Kwanuko kuli masitepe, mpopi wake sindiudziwa, ndipo galu wanu amandida."

"Nanga bwanji simunanene, amayi?" anafunsa aakuluwo.

"Ndinaona nonse mwavomera."

"Ifetu timaonera inu," anatero anamwino.

"Ine ndimaonera achimwene," anatero chitsirizira.

Alamu aakulu anakanda m'mutu. "Inetu ndinangoyesa kutchula. Ndimadikira wina anditsutse ngati kale."

Mtengwa anaphimba pakamwa ndi thireyi. Anthu onsewa, nyumba ikanapita popanda mmodzi woifunira kupita!

Aakuluwo anatulutsanso magalasi. "Chabwino, tiyambirenso." Asanakhale pansi anayang'ana amayi awo kanthawi, kenako anawerama n'kupendeketsa chipewacho pang'ono kumanzere, mmene bambo ankavalira.