Tsiku limene Esinta anasiyira vesi pakati

1.
Mayi Esinta Nangondo anaphunzira kuwerenga imvi zitamera kale, kusukulu ya kwacha. Abusa atamva anati, Lamulungu likudzali mawu muwerenga ndinu, mayi. Anawapatsa mavesi awiri okha.

2.
Ife a mumpingo timawadziwa bwino amayiwa.
Kusesa tchalitchi Loweruka.
Kuyendera odwala Lachinayi.
Kwaya.
Kusala kudya.
Bulauzi yoyera mbee, yopanda ndi kadontho komwe.
Polangiza ana athu timati, taonani amayi Nangondo.

3.
Mng'ono wawo Felesiya amakhala kutsidya kwa mtsinje. Zaka zisanu ndi zinayi osapatsana moni. Nkhani yake ndi dimba limene mayi awo anawasiyira. Malire anali mzere wa nthochi. Chaka china Felesiya anadandaula kuti mzere uja wasuntha, koma ife tinakhulupirira amayi Esinta. Felesiya anasiya kubwera kutchalitchi, ndipo tinati walowerera.

Ukawafunsa amayi Esinta, yankho linali limodzi. Ine ndilibe naye mawu.

4.
Ine Esinta ndinakhala pakhonde sabata yonse chala chili pabuku, mawu akutuluka limodzilimodzi ngati mbuzi m'khola, akuti ukabwera ndi chopereka chako pamaso pa Mulungu n'kukumbukira kuti m'bale wako ali nawe chifukwa uyambe wapita kwa iye, mawu amenewa ndinawamvapo kambirimbiri m'kamwa mwa ena koma m'kamwa mwa ena amadutsa msanga, chala sichithamanga, chimaima pa liwu lililonse mpaka likuyang'ane kumaso

Ine ndilibe naye mawu.

Ndinabwerezanso mzerewo. Sunafunse ngati ine ndili naye mawu. Unafunsa za iyeyo.

5.
Lamulungu. Tchalitchi chodzaza.

Anaimirira kutsogolo. Vesi loyamba anawerenga lonse, osaphonya. Lachiwiri anafika pakati.

Zii.

Mayi wina kumbuyo ananong'ona mawu otsatira, poganiza kuti zilembo zawavuta.

Ndikuwaona mawuwo, anatero amayi Esinta. Abusa, pepani. Ndibweranso.

Anatseka buku, kuliika pagome, n'kutuluka. Abusa anayang'ana pakhomo kwa kanthawi. Kenako anati, tiyeni tiimbe.

Tinaimba, koma maso ali pawindo.

6.
Njira ya m'minda.
Mtsinje.
Nsapato m'manja.
Madzi m'mawondo.
Nyimbo ikuchepa kumbuyo.

7.
Ine Felesiya ndinali pamkeka, ndikutonola chimanga, pamene ndinaona munthu wovala zoyera akukwera mtunda. Mayendedwe ndinawazindikira nkhope isanaoneke.

Odi.

Ndinatola chimanga china.

Anagwada pafumbi, munthu wamkulu, wodwala mawondo. Chitenje chikudontha madzi.

Felesiya, nthochi zija ndinazula ndine. Chaka chimene unagonekedwa m'chipatala. Ndinazibzala mizere itatu m'kati mwa gawo lako, ndipo pamaso pa anthu ndinakuyesa wabodza.

Ndinapitiriza kutonola mpaka chisononkho chinatsala chokha m'manja.

Ndikudziwa, achemwali. Simunazule zonse. Pamalo pakale ana a nthochi amaphukabe mvula ikagwa, mzere wake woongoka bwinobwino.

Anakweza mutu. Nanga bwanji sunaitane anthu adzaone?

Chaka choyamba ndinafuna. Ndinafika mpaka pakhomo pa akulu a mpingo. Ndiye ndinakumvani mukuimba m'katimo, mawu ngati a malemu amayi. Ndinabwerera. Kuyambira pamenepo ndimapita ndi khasu Lamulungu m'mawa, anthu onse ali kutchalitchi. Ndimapemphera kaye, kenako ndimawadula.

Zaka zonsezi?

Akanaona, mukanayenda bwanji m'mudzi muno?

Sanalire mokweza. Anangogwira pakamwa, mapewa akugwedezeka. Ndinawasiya mpaka anatha.

Kenako ndinasendera kumapeto kwa mkeka.

Dzukani, achemwali, mawondowo. Khalani apa. Chimangachi n'chambiri.