Injini ya Alex

Kagalimoto kaja kanakhala kuseri kwa nyumba ya a Arsenio zaka zambirimbiri, kataimikidwa pa njerwa, nkhuku zikuikira mazira pa mpando wakumbuyo. Kanali ka Mini kobiriwira, kamene mzungu wina wa ku esiteti ya tiyi anawasiyira pobwerera kwawo, nthawi imene iwo anali makaniko wa m'fakitale. Injini yake inafa kalekale, ndipo ngakhale ku Limbe sikunapezeke sitolo yogulitsa zipangizo zake. Anthu odutsa ankakatcha khola la a Arsenio, ndipo kunena zoona sankalakwitsa.

Chaka chimenecho a Arsenio ndi akazi awo, a Katarina, anaika m'manda mwana wawo mmodzi yekhayo, Alex. Mnyamatayo ankanyamula anthu pa njinga yamoto pakati pa Chitakale ndi Muloza, ndipo tsiku lina mvula ikugwa lole inamupeza pokhota msewu. Njingayo anamugulira ndi bambo ake atapuma pantchito. A Katarina sanatulutsepo mawu akuti munamugulira imfa ndinu, koma chiikireni maliro sanawayankhulenso amuna awo. Chakudya ankangochiika pakhonde n'kubwerera kuchipinda. Bola munthu wokukalipira, umadziwa poyankha. Kukhala chete kumeneku kunkawapweteka a Arsenio usana uliwonse, ndipo ankaopa kuti ataya mwana ataya ndi mkazi yemwe.

Mantha awo sanachedwe kupherezeka. Beatriz, mng'ono wa a Katarina, anaoloka malire kuchokera ku Milange kudzaona mkulu wake. Atatuluka kuchipinda anakhala pansi pafupi ndi a Arsenio n'kukweza mawu, popeza makina a m'fakitale anali atawagonthetsa makutu mkuluyo.

"Alamu, mana wanga, akulu angawa, akuthera m'nyumba muno. Mafupa okhaokha. Mvula ikangosiya ndibwera kudzawatenga, akakhale kwathu."

"Adzabwerako liti?"

"Zimenezo musandifunse ine," anatero Beatriz akuyang'ana kumbali.

A Arsenio anamva zimene sizinanenedwezo. Mkazi wobwerera kwa abale ake ali ndi mtima wotero sabweranso. Anakhala pakhonde mpaka dzuwa kupendeka, akufunafuna m'mutu mwawo tsiku limene anaona a Katarina akuseka ndi mtima wonse. Analipeza m'kagalimoto kaja. Kale Loweruka lililonse ankapita nawo ku Chitakale, a Katarina atagwira duku ndi dzanja limodzi kuti lisauluke, akubayibitsa anthu othyola tiyi ngati mkazi wa bwana. Ndiye m'kanyumba kosungira makasu munali njinga ya Alex, imene apolisi anabweza. Tayala lakutsogolo linali litapindika ngati lichero lakale, koma injini inalibe ndi kachipsera komwe.

Apa m'pamene mkulu uja anaganiza nzeru imene munthu wa makutu abwino sakanaiganiza.

Anayamba ndi kuthamangitsa nkhuku. Injini yakufayo anaizula ndi tcheni chomangirira pa nthambi ya mango, n'kuigwetsera pa udzu. Kenaka anaitana Lackson, wowotcherera zitsulo wa ku Chitakale, amene anabwera ndi makina ake pa njinga yakapalasa. Lackson anasuzumira m'boneti, nayang'ana kainjini ka njinga kali pa thumba, n'kukanda m'mutu.

"Madala, kameneka kamanyamula anthu awiri ndi thumba la nandolo. Kakoke galimoto? Komanso livesi kalibe. Mukalowa pakhomo, potuluka muzichita kukankha."

"Ine ndikufuna ifike pa Chitakale n'kubwerako, basi. Wotcherera."

Lackson anawotcherera. Anapanga kachimango ka zitsulo kokhazikapo injini, naika giya la mano pa chitsulo chozungulitsa matayala akutsogolo, tcheni cha njinga n'kudutsa pamenepo. A Arsenio anachotsa mpando wakumbuyo, mabampa ndi chilichonse cholemera, mpaka kagalimotoko kanatsala ngati chitini. Tcheni chinkangovuka akachizunguza ndi dzanja. Anachisuntha, anapala zitsulo, anadzicheka zala, chiperoni chikuwanyowetsa msana. Ntchitoyo inadya milungu, ndipo nthawi yonseyo katani ya kuchipinda kwa a Katarina sinagwedezeke.

Pomanga ekizozi Lackson anaima.

"Iyi tiike ina, madala. Alex anaiboola dala kuti makasitomala azimudziwa akadali patali. Imalira mwa yokha."

"Isiye. Ine siindisokosa," anatero a Arsenio. Kwa iwo injini zonse zinkangomveka chimodzimodzi, kunjenjemera kwa m'chifuwa basi.

Mvula inasiya, phiri linaonekanso lonse, ndipo Beatriz anafika ndi chikwama chachikulu chopanda kanthu. Tsiku lomwelo a Arsenio ndi Lackson anakankha kagalimoto kaja mwakachetechete mpaka kumsewu, kupitirira munda wa tiyi. Mkuluyo sanafune kukalizira pakhomo. Ankafuna kuti akazi awo angokaona kakulowa kokha, monga kale. Koma injini inakana. Anaponda, anatsuka pulagi, anapopa mafuta ndi pakamwa, mpaka nthawi imene anthu amaweruka kuminda. Pamenepo inatsokomola kawiri n'kulira.

Kanayenda! Pang'onopang'ono, tcheni chikukhotchola, koma kanayenda. A Arsenio anagwira chiwongolero, ndipo kwa nthawi yoyamba chimwalirire mwana wawo anamva chimwemwe. Anaona anthu akutuluka m'nyumba zawo, amayi ena atagwira pakamwa. Iwo ankati anthuwo akudabwa ndi luso lawo, ndiye ankawakwezera dzanja, mano onse pamtunda.

Akukhotera pakhomo, chitseko chinatseguka mwamphamvu. A Katarina anatuluka akuthamanga opanda nsapato, chitenje chikumasuka, nkhope ikuwala ngati ya mtsikana. Anali atatambasula manja. A Arsenio anaponda buleki n'kuzimitsa injini, ndipo m'pamene anamva zimene akazi awo ankafuula.

"Alex! Alex, mwana wanga, wabwera!"

Mawuwo anathera pakhosi. A Katarina anaima pakati pa bwalo akuyang'ana kagalimoto kobiriwira, ndi nkhalamba yodzola girisi ili m'katimo. Anayang'ana kumbuyo kwake, kunjira, ngati kuti njinga ikubwera m'mbuyo. Kunalibe kanthu. Manja aja anatsika okha.

Beatriz anafika pa windo la galimoto misozi ili mbwembwembwe.

"Alamu, mwapenga kodi? Simukumva kuti imeneyi ndi njinga ya Alex? Nthawi yake yomweyi, kulira kwake komweku! Mudzi wonse watuluka kudzaona maliro akuyenda!"

A Arsenio anakumbukira mawu a Lackson aja, nakumbukira amayi ogwira pakamwa amene iwo ankawabayibitsa. Manyazi ndi chisoni zinawagwira pamodzi, moti analephera ngakhale kutsegula chitseko kuti atsike.

A Katarina anayandikira pang'onopang'ono. Anaika dzanja pa boneti pamene panali pofunda, nalisiya pomwepo nthawi yaitali. Kenaka anatembenukira kwa mng'ono wawo.

"Beatriz, katulutse zovala zanga m'chikwamamo. Sindipita."

Mtima wa munthu ulibe manyazi. Pakati pa zonsezo, wa a Arsenio unadumpha ndi chimwemwe. Anatambasula dzanja n'kukankha chitseko cha mbali inayo, pamene panali mpando umene anautsuka ndi sopo dzulo lake.

"Kwerani, amake Alex. Tingofika pamsewu pokha."

A Katarina sanauyang'ane n'komwe mpandowo. Anazungulira, nawerama pafupi ndi khutu la amuna awo kuti amve bwino. Awa anali mawu awo oyamba kwa iwo chiikireni maliro.

"Ine sindikwera. Mawa nthawi ngati ino mukailizire komwe kuja, mubwere nayo. Ine ndidzakhala m'nyumba. Mukafika muzikazimitsira kuseri, ndisakuoneni."

Beatriz anakana, analira, anawachonderera akulu ake kuti zimenezi si zamoyo, koma m'mawa mwake anabwerera ku Milange ndi chikwama chake chopanda kanthu.

Kuyambira pamenepo dzuwa likapendeka a Arsenio amakankha kagalimoto kaja chammbuyo kuchoka kuseri kwa nyumba, okha, phewa lili pa boneti, mpaka kakaloze kunjira. Amakakankhabe kupitirira munda wa tiyi, n'kukaliza, n'kubwera nako. A Katarina anayambanso kudya. Amasesa pabwalo, amatereka madzi osamba nthawi isanakwane, ndipo masaya awo abwerera. Anansi amawayamikira a Arsenio kuti anachiritsa mkazi ndi sipanala, iwo n'kumangovomera ndi mutu. Kagalimotoko amadana nako tsopano kuposa chinthu china chilichonse chimene anachigwirapo ndi manja awo, koma amakathira oyilo ndi kukapukuta, chifukwa akudziwa kuti tsiku limene injiniyo idzafe, m'nyumbamo mudzagwanso maliro.

Tsiku lina atazimitsa injini kuseri, anakhala m'katimo kudikira kuti akazi awo amalize kaye kusangalala. Atalowa m'nyumba anapeza a Katarina akupukuta mbale, akung'ung'udza kanyimbo. Anawayandikira amuna awo, nawagwira pamkono mokoma mtima, a Arsenio mpaka kupuma kunaima.

"Mawa muchedweko pang'ono," anatero a Katarina m'khutu mwawo. "Ndi tsiku la msika. Alex amachedwa."